Chipatala cha Dzina la Amayi Ake

Bertha Kachingwe anali namwino ku Ntcheu, koma atafika ku Canada mapepala ake sanamupezetse ntchito ya unamwino. Anachita lendi kachipinda ku Oshawa n'kuyamba kusamalira okalamba m'makomo mwawo. Umo ndi mmene anadziwirana ndi Mayi Mathilda.

Mayiwa anali a ku America, mwana yekhayo wa bambo wina amene analemera ndi fakitale ya sopo. Anali ndi nyumba zitatu: yakwawo ku Boston, ina m'mbali mwa nyanja ku Florida, ndi ya ku Toronto imene malemu amuna awo anawasiyira. Mwana analibe. Chuma chawo ankamangira masukulu ndi zipatala m'mayiko amene sanapondemo phazi, ndipo munthu akawathokoza kwambiri ankakwiya.

Bertha ankawasambitsa, kuwadzoza mafuta kumapazi, kuwapesa imvi, zonse ndi mtima umodzi. Koma nthawi zina, supuni ya phala ili m'manja, ankakumbukira kuti amayi ake omubala, amene anafa ziwalo mbali imodzi, akudyetsedwa ndi mlongo wake Lameck, munthu wa manja ozolowera khasu.

Chaka china, chisanu chitayandikira, nthawi imene Mayi Mathilda ankasamukira ku Florida, Lameck anaimba foni.

"Achemwali, amayi asiya kudya. Akungofunsa za inu."

Mayi Mathilda atamva anati, "Pita, mwana wanga. Tikiti ndikugulira. Ku Florida ndipita ndi wina."

Bertha anakana, nati adzapita pa Isitala. Panalibe chomuletsa. Kungoti ankaopa kukawaona amayi ake ali choncho, komanso nyumba ya ku Florida ija ankaikonda, makamaka chipinda chake choyang'ana kunyanja. Uthenga wa maliro unamupeza kumeneko, ali pakhonde akusenda lalanje. Mwambo wonse anauonera pa foni.

Mayi Mathilda sanamudzudzule. Anangofunsa dzina la malemuwo, ndipo chaka chisanathe kumudzi kwa Bertha anamangitsako kachipatala kotchedwa Nthanda, dzina la amayi akewo. Amayi oyembekezera anasiya kuyenda mtunda wautali wopita kuboma. Mauthenga a anthu akumudzi sankatha: "Kubala mwana n'kumeneku! Sanaiwale kwawo." Koma Lameck anangotumiza chithunzi cha chikwangwani cha pachipata.

Mayi Mathilda anatsirizikira m'manja mwa Bertha, m'nyumba ya ku Toronto. Masiku ano Bertha amagwira ntchito panyumba yosungira okalamba ku Oshawa komweko. Pa chikondwerero china cha Amalawi ndi anzawo a ku Zambia ku Mississauga, wotsogolera mwambo anamuitanira kutsogolo kuti anthu amuombere m'manja chifukwa cha chipatala chija. Anaimirira, kenako anatuluka muholomo. Christabel, mnzake wa ku Chipata, anamupeza kukhitchini akupukuta m'maso.

"Misozi ya chimwemwe imeneyo, asisi?"

"Ayi," anatero Bertha. "Ndipatseni mbalezo nditsuke."