Makina a Anwari Okama Madzi mu Mpweya

A Anwari Mdala anakhazikika ku Temeke, kunja kwa Malawi m'mphepete mwa nyanja yamchere, ali mnyamata, koma mtima wawo unali ku Balaka, kumene mlongo wawo Hafswa ankalawirira kukafukula mchenga mumtsinje wouma kuti apeze madzi. Ntchito ya a Anwari inali yokonza mafiriji. Tsiku ndi tsiku ankaona mapaipi ozizira akuchita thukuta ndi chinyezi chochokera kunyanja, madzi n'kumangodonthera pansi pachabe, ndipo zinkawapweteka mumtima.

Anatola firiji yakutha, n'kuilumikiza ku sola, n'kuika sefa kunsi kwake kuti izikama madzi mu mpweya. Atayesa pakhonde, pofika madzulo ndowa inali itatsala pang'ono kudzaza. Akazi awo, a Pili, analawa n'kunena kuti, "Ndi madzidi awa, bambo." Makinawo anawakulunga m'mabulangete ngati khanda, n'kukawakweza ku Kurasini pa lole yopita ku Malawi.

M'mwezi wa Okutobala, Hafswa anaimba foni. "Achimwene, chinthu chanu chija chimangolira tsiku lonse, koma madzi ake sadzaza ndi kapu yomwe. Kapena ndikulakwitsa ndine?"

"Sukulakwitsa, mlongo wanga," anayankha motsitsa mawu. Apa m'pamene anazindikira kuti mpweya wa ku Balaka ndi wouma ngati nthaka yake, mulibe choti n'kukama.

Lero anthu a m'mudzi mwa Hafswa amatchajira mafoni pa sola ija, ndipo Hafswa akupitabe kumtsinje. A Anwari anasiya kukamwa kahawa, khofi wa kumeneko, ndi anzawo. Akaweruka amangokhala pafupi ndi firiji ina imene anaiphwasula kuti ayesenso, osadziwa poyambira.