Timitengo Tanga M'munda wa a Zakariyasi

Inu owerenga, ndinagonetsa munda wa munthu popanda kuzula mbewu ngakhale imodzi. Chimene chinaugonetsa ndi kukhala chete kwanga, ndipo ndifotokoza mmene zinayendera kuti ena oyeza nthaka asadzabwereze.

Inali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Nditangomaliza maphunziro a zaulimi kusukulu yaukachenjede, boma linanditumiza ku Tsangano, mbali ya dziko lathu yochita malire ndi Malawi. Alimi a ku Ntengo-Wambalame, dera la komweko, ankadandaula kuti nyemba zikuyoyoka maluwa, mbatatesi nazo zikung'ambika ndi kuchita mphako mkati. Ndinaganiza kuti nthaka ikusowa boro, mchere umene mbewu imaufuna pang'ono zedi, koma ukasowa siibereka bwino. Funso langa linali ili: kodi boro amene timamupeza poyeza dothi angatiuziretu kuchuluka kwa amene mbewu idzayamwe? Kuti ndiliyankhe, ndinayenera kutenga dothi mbewu zitangomera, kenako kubwerera pamalo omwewo zikachita maluwa kudzathothola masamba, n'kuyerekeza ziwirizo.

A Zakariyasi, mlimi wachikulire amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, anandilola kulowa m'munda mwawo wa nyemba. Sindinawauze zambiri. Masiku amenewo aliyense ankakayikira mnzake, ndipo ndinkaopa kuti zikamveka kuti wantchito wa boma adzabweranso, anthu a kutchire, amene ankamenyana ndi boma, adzandibisalira panjira. A Zakariyasi nawonso ndinkawakayikira, ngakhale sanandipatse chifukwa. Choncho ndinangoti ndikufuna kuona nthaka, ndipo ndinapita tsiku limene mudzi wonse unali kumaliro.

Ntchito ndinaigwira monga anandiphunzitsira. Ndinkayenda mokhotakhota, kukumba kadzenje, kutapa dothi m'kathumba, kukwirira bwinobwino, n'kuzika kamtengo kuti ndidzazindikire malowo. Sindinaganize kuti m'dziko la mabomba okwirira, kadzenje katsopano kofotseredwa mwaukhondo kamatanthauza chinthu chimodzi chokha.

Amayi ena ochedwa kunkhuni anandiona. Nditabwerera nthawi ya maluwa, ndinapeza udzu wafika m'chiuno, njira ya kumundako atatchinga ndi minga. Mai Rozaliya, akazi awo a Zakariyasi, anandiimitsa ndikali patali, n'kundiitana ndi dzina laulemu la alangizi a zaulimi.

"Sinyoro enjinyeru, mwabwera kudzaona ngati zaphulika?"

Ndinayamba kufotokoza za boro.

"Boro? Ndiye dzina la mina watsopanoyu, bomba lanu lokwiriralo? Ngati ndi mchere, munadikiriranji kuti abambo apite kumaliro?"

Ndinapempha kuti ndilowe, ndiponde pakadzenje kalikonse iwo akuona. Mnansi wawo wina anaseka, n'kunditchula monga ankatchulirana a boma. "Pondani, kamarada. Munatchera ndinu, poponda mukupadziwa. Ife ndiye tizikapalira ndi miyendo ya yani?"

A Zakariyasi sanatuluke m'nyumba. Pambuyo pake ndinamva kuti ena ankati anapereka munda kwa asilikali, ena ankati kwa a kutchire, ndipo kutchalitchi akayambitsa nyimbo panalibe wovomera. Mvula isanathe anawolokera ku Malawi ndi banja lawo, nyemba zitathera m'tchire.

Zotsatira za dothi zinabwera kuchokera ku laboratoriyo, nyumba yoyezerako dothi. Boro analidi wochepa. Koma popanda masamba sizinayankhe funso langa, pakuti chimene mbewu imayamwa chimadaliranso chinyezi ndi mtundu wa nthaka. Ndinatsala ndi theka la yankho, a Zakariyasi anatsala opanda munda ndi opanda dzina labwino.

Inu owerenga, makamaka inu ophunzira amene mumalowa m'minda ya anthu ndi zipangizo zanu: musakumbe mwini munda kulibe. Mufotokozereni zonse, ngakhale mukumukayikira, ndipo kadzenje koyamba akumbe yekha ndi khasu lake, anansi akuona. Zimene inu simunanene, anthu amadzinenera okha, ndipo pa nthawi ya mantha sanena zabwino.

Nkhondo itatha, ochotsa mabomba anaufufuza mundawo mzere ndi mzere. Sanapezemo kanthu, ngakhale timitengo tanga chiswe chinali chitadya kale. Ndinawoloka malire kuti ndikawauze a Zakariyasi. Mai Rozaliya anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandilozera manda a amuna awo.