Thumba la Malasha Limene Sindinakhuthule

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba zimenezi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, kwathu ku Chadiza, ndipo kukonza mawu sindikudziwa bwino. Koma anzanga a kutchalitchi amandifunsa chifukwa chake ndimachedwa chonchi pogula thumba limodzi lokha la makala, ndipo pakamwa ndimalephera kuwayankha.

Ndinabwera ku Kafue sukulu itandikanika. Ndinafikira kwa azakhali anga ku Nangongwe, ndipo kwa miyezi iwiri ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kusesa pabwalo. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero, azakhali anandikokera kwa mayi wina wamfupi wa mawu aakulu, dzina lawo Bana Mutinta. Mayiwa ankawamba nsomba ndi kuwotcha nkhuku kuseri kwa nyumba yawo, anthu n'kumaitanitsa za maukwati ndi maphwando.

"Uyu ni mwana wa mulongosi wanga," anatero azakhali. "Sakamba maningi, koma amvela."

Bana Mutinta anandiyang'ana m'manja, osati kumaso. "Mailo ubwele kuseni," anatero, kutanthauza kuti ndibwere mawa lake m'mawa.

Kuseri kwa nyumbayo kunali madilamu awiri. Lina linali lodulidwa m'litali, loikidwa pamiyendo yachitsulo, ndipo linali lowotcherapo nkhuku. Lina linali loimirira, lokhala ndi kachitseko m'munsi ndi mawaya atatu m'kati, lowambiramo nsomba. Panalinso mbaula yoyatsira moto, chopanira makala ndi katoni yokupizira. Ntchito imene anandipatsa inali ya makala, amene kuno amati malasha: kugula, kusankha, kuyatsa ndi kusunga moto.

Anandiphunzitsa mwakhama. Nkhuku imafuna malasha olemera a mupani, amene amayaka nthawi yaitali osathetheka. Nsomba imafuna moto wofatsa. Umaika malasha ochepa pansi pa dilamu, pamwamba pake zitsononkho zonyowetsa pang'ono kuti zitulutse utsi wabwino, kenako umavundikira ndi lata ndi saka lonyowa. Pogula, umayamba wanyamula thumba kuti umve kulemera kwake. Ukagundanitsa malasha awiri abwino amalira ngati mabotolo. Ukathyola limodzi, m'kati muzikhala mwakuda monyezimira. Mukakhala mofiirira, imeneyo ikadali nkhuni.

Matumba a kuno amakhala ndi mutu, malasha akuluakulu osanjikizidwa pamwamba n'kumangidwa ndi zingwe ngati ukonde. Bana Mutinta anandipatsa kampeni kogwirira kobiriwira.

"Mutu ni wokongola lyonse," anatero. "Dula ntambo, kutula pansi, uone vili munsi. Wamvela?"

Ndinamva, ndipo kwa miyezi itatu thumba lililonse ndinkalidula zingwe n'kulikhuthula pansi.

Ndiye kunabwera oda yaikulu. Mayi wina wa m'tauni, Bana Bwalya, mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo Loweruka linali tsiku la chilanga mulilo, mwambo umene akuchikazi amanyamula zakudya zamitundumitundu kupita nazo kwa mkwati kuti abale ake aone mmene banjalo limaphikira. Anaitanitsa nkhuku zowotcha ndi beseni lalikulu la nsomba zowamba. Lachinayi Bana Mutinta anapita ku Chanyanya kukalankhula ndi asodzi, ine anandituma malasha.

Panjira ndinakumana ndi mkulu wina waimvi akukankha njinga ya matumba awiri a malasha. Nditamupatsa moni anaima.

"Kodi kwanu n'kuti, mwanawe? Kalankhulidweko si ka kuno."

Nditamuuza, anafunsa mfunda wanga. Ndinati ndine Mbewe. Anaseka mpaka kutsamira njinga. "Nanenso ndine Mbewe! Ndiye kuti ndine gogo wako." Anatchula mtsinje wa pafupi ndi mudzi wathu, anatchulanso mtengo wa mkuyu wa pasukulu pathu. Chichokereni kwathu ndinali ndisanamve munthu akulankhula chonchija, poti ngakhale azakhali lilime lawo linasanduka la m'tauni. Ndinagwada pamsewu pomwepo n'kuwomba m'manja.

Tinafika naye pageti pa Bana Mutinta. Ndinagundanitsa malasha a pamutu, analira bwino. Dzanja langa linali kale m'thumba la kabudula, litagwira kampeni.

"Usavutike n'kumasula, mdzukulu," anatero mkuluyo. "Ndawotcha ndekha amenewa."

Kwathu mwana sapisa dzanja m'dengu la munthu wamkulu kuti aone ngati akunena zoona. Ndinaganiza za kukhuthula katundu wa gogo wanga pafumbi iye akuyang'ana, ndipo manyazi anandigwira. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu. Ndinagula onse awiri.

Madzulo Bana Mutinta anaona matumbawo. "Wakutula?" anafunsa.

"Ee," ndinayankha, maso ali pansi.

Loweruka tinayamba m'mawa. Nsomba zinali zitatumbulidwa kale n'kuthiridwa mchere, ndipo tinaziyala pamawaya onse atatu. Moto woyamba unali wa malasha a pamutu, unayaka bwino. Dzuwa litakwera pang'ono Bana Mutinta anapita kumsika kukagula anyezi ndi mafuta. Ine ndinawonjezera malasha ochokera pakati pa thumba, ndinaikapo zitsononkho, ndinavundikira dilamu n'kupita kukatsuka nkhuku pampopi.

Fungo ndi limene linandibweza. Linali fungo limene umamva ukamadutsa panjanji dzuwa likuswa mtengo, fungo la phula. Utsi wotuluka m'mbali mwa lata unali wachikasu. Nditavundukula, nsomba zonse zinali zitada, zikunyezimira ngati zapakidwa oyilo. Ndinathamangira kuthumba n'kuthyola khala limodzi. Kunja kunali kwakuda, koma m'kati munali mtengo wofiirira, ndipo munali msomali wadzimbiri. Zinali zidutswa za mitengo yakale ya mpanda, ija amaipaka mankhwala akuda kuti chiswe chisadye, zongowauka kunja kokha. Ndinadula zingwe za thumba lachiwiri. Zinali zomwezo.

Ndinachotsa moto ndi chopanira. Ndinatsuka nsomba imodzi m'madzi amchere, ndinaipaka ndimu, ndinalawa. Kuwawa kwake kunakakamira kukhosi. Ndinatsuka yachiwiri, yachitatu, ndikudziwa bwinobwino kuti sizithandiza. Foni ndinalibe. Ndinakhala pansi pafupi ndi dilamu, nsomba ili m'manja, n'kumangoyang'ana kugeti.

Bana Mutinta anamva fungolo asanalowe. Anatula katundu, anayang'ana m'dilamu, anayang'ana mulu wa malasha ndi msomali uja. Asanalankhule, galimoto inaima panja. Analowa Bana Bwalya ndi abale awo awiri, onse atavala chitenge chofanana, akuseka. Bana Bwalya ananyema nsomba n'kuika m'kamwa, nthawi yomweyo analavula.

"Bana Mutinta, ni chani ichi? Mufuna bapongozi bakakambe kuti tabapasa njanji kuti badye?"

Ndinayembekeza kuti andiloza. Sanandiyang'ane n'komwe. "Mulandu ni wanga, mayo," anatero. "Nkuku zizapya manje manje. Koma nsomba kulibe."

Panalibe chochita. Ku Chanyanya n'kutali, ndipo nsomba siwambika m'kanthawi kochepa. Malasha a nkhuku tinakapempha kwa aneba, ndipo ndinakupiza moto mpaka mikono kuwawa, alendowo ataima chilili akuyang'ana nthawi pafoni. Anachoka mochedwa. Mmodzi wa iwo ananyamula beseni la nsomba lija lopanda kanthu, atalizondotsa m'khwapa. Nsombazo tinazikwirira m'dzenje kuseri kwa chimbudzi.

Titamaliza, Bana Mutinta anatambasula dzanja. "Nipase mpeni," anatero. "Nsomba zingaonongeke kuli aliyense. Koma nenze nakufunsa, iwe wakamba ati ee."

Sanandichotse ntchito, koma sanandiuzenso kuti ndikhala. Masabata asanu ndi limodzi ndinkapala mamba ndi supuni ndi kukwecha mawaya. Malasha ankagula okha, kusiya nkhuku pamoto kuti akakhuthule matumba pageti, ine ndili pompo. A kubanja la Bana Bwalya, amene kale ankaitanitsa pafupipafupi, sanabwerenso. M'mawa uliwonse ndinkafika ndikuyembekeza kumva kuti ndibwerere. Ndinkafuna kupepesa, koma ndinkangozengereza. Azakhali ankangoti, "Pitiliza chabe kuyenda."

Tsiku lina m'mawa belu la njinga linalira pageti. "Mbewe! Mdzukulu! Ndakubweretsera ena abwino!"

Anali mkulu uja. Bana Mutinta ankatumbula nkhuku. Anapukuta manja, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kampeni kaja n'kukaika pachivundikiro cha dilamu. Kenako anabwerera ku nkhuku zawo.

Ndinatuluka nako. Ndinagwada monga poyamba paja, ndinawomba m'manja, ndinafunsa mmene adzukira. Kenako ndinati, "Agogo, pepani, ndimasula." Ndinadula zingwe. Ndinagwetsa thumba n'kulikoka kumatako. Pansi pa mutu wa mupani panatuluka zidutswa zomwe zija.

Mkuluyo anandiyang'ana. "Tauni yakuwononga msanga, Mbewe," anatero.

Ndinawola malasha ake onse ndikadali chogwada, ndinabwezera m'thumba, ndinamanga, ndinamuthandiza kukweza panjinga. Mpaka lero tikakumana pamsewu amayang'ana kumbali, ndipo sindinama, zimandipwetekabe. Palibenso wina kuno amene amadziwa mkuyu wa pasukulu pathu.

Nditalowa ndinapereka kampeni kwa Bana Mutinta. Iwo anakankha dzanja langa ndi chigongono. "Sunga," anatero. "Yenda ufune malasha, nkuku zilindila."

Kuyambira pamenepo thumba lililonse ndimalikhuthula, kaya wogulitsayo ndi waimvi, kaya ndi wa kutchalitchi kwathu. Moni ndimapereka monga anandilerera, koma chingwe ndimadula. Ndipo akandifunsa chinthu chimene sindinachite, ndimati sindinachite. Kampeniko kanabwerera m'thumba langa Lachiwiri loyamba la mwezi wa Disembala, chaka changa choyamba ku Kafue.