Anyezi Amene Anathera mu Samusa

Ndili Fomu 3, sukulu yathu inalibe maikulosikopu. Aphunzitsi a bayoloje anachita kukabwereka ku Monkey Bay, ya tsiku limodzi lokha, Lachinayi. Anati tidzaona ndi maso athu mmene selo, kachipinda kosaoneka ndi maso kamene kamamanga thupi la chamoyo, limagawikira pawiri. Poonera pabwino ndi kunsonga kwa muzu wa anyezi, chifukwa kumeneko maselo sapuma: selo limakula, kukopera zam'kati mwake, n'kugawikana, ana akenso chimodzimodzi.

Gulu lathu linasankha ine kuti ndimeretse mizuyo, poti ndinali wapakamwa, wodzitama kuti sindilephera kanthu. Ndinakhazika anyezi pakamwa pa botolo la madzi, n'kumubisa kuseri kwa ndowa. Patatha masiku anayi timizu toyera tinatuluka, ndipo ndinkatizonda m'mawa ndi masana ngati mwana wodwala.

Koma unali mwezi wa Ramadani, ndipo amayi anga ankakazinga samusa zokagulitsa pa Mangochi nthawi yomasula kusala madzulo. Lachitatu anyezi anawaperewera. Pobwera kusukulu ndinapeza botolo lili kukamwa yasa.

"Amama, anyezi wanga uja?"

"Wako? Unalima liti anyezi iwe? Ndam'peza akuwonongeka, wamera kale ndevu. Ali mu samusamo."

Ndinalira mosabisa, njala ya kusala n'kuwonjezera mkwiyo. Anzanga asanu ndikawauza chiyani? Makina aja Lachisanu abwerera kwawo.

Amayi anayamba kuseka. "Tsono ukulirira anyezi kapena ndevu zakezo?"

"Mizuyo, amama!"

"Aa! Mizu amadya ndani?"

Anapita palichero la makoko, nasanthula ndi chala, natola kathako ka anyezi, mizu yonse ili pomwepo. Mwayi wanga, anali asanakhuthule kudzala. Ndinakaviika m'mbale ya madzi, osachokapo mpaka azana, mfuu yoitanira kumapemphero, itamveka kumzikiti.

Mawa lake aphunzitsi anadula kansonga, nakafewetsa ndi mankhwala, nakadonthezera utoto, nakatswanya pakati pa magalasi awiri. Nditasuzumira ndinaona timabokosi tambirimbiri. M'kamodzi timaulusi takuda, makulomozomu, tinali titandanda pakati ngati anthu pa swala mumzikiti. M'kena tinali tikukokedwa, theka uku theka uko. Kena kanali katamanga kale khoma pakati, kasanduka tiwiri.

"Wallahi, akugawikanadi!" ndinakuwa, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Anzanga anachita kundikoka malaya kuti nawonso aone. Gulu lathu ndilo linali ndi mizu yabwino kuposa onse, ndipo ine za lichero sindinatchule.

Lero ndine mphunzitsi wa bayoloje. Amayi maso anayamba kuchita mdima, samusa anasiya, koma anyezi salola wina awadulire. Ndikapita kukawaona amadula kathako mokulirapo dala, n'kukakankhira kwa ine ndi nsonga ya mpeni.

"Tengani aphunzitsi," amatero. "Sukulu yanu ija ndi iyi."