Kufatsa kwa Kavalo wa Ilarie

Mlamu wanga Ilarie wakalambira m'nkhalango za kuno ku Maramuresh, kukoka zipika ndi akavalo. Ndi munthu wa dzanja lolemera ameneyo, musandifunse, mchemwali wanga, mkazi wake, anapita kumanda akulidziwa bwino dzanjalo. Akavalo ake onse ankamuopa, ena ankamubwezera ndi ziboda. Wotsiriza anali Corbu, wakuda bii, ndipo popanda iye pakhomopo sipakanafuka utsi.

Chisanu chathachi Corbu anayamba kufatsa modabwitsa. Akamukwapula kumatako, iye phee, ngakhale khungu osagwedezeka. Kwathu kuno kavalo wotere amatamandidwa, ndiye Ilarie anamumangirira ulusi wofiira watsopano pamutu kuopa maso a ansanje, n'kumadzitama pakachasu.

"Anuwo ndi mbuzi, anzanga! Wangayu ndi mngelo, amandimvetsa."

"Mngelo woyenda ngati wamwa nawo kachasuyu?" anamuseka Gavrila, mnzake wa m'nkhalango.

Gavrila sankanama, miyendo yakumbuyo ya Corbu inkakolana potsika phiri. Tsiku limene kavaloyo anagwa ndi chipika, ine ndinakaitana dokotala wa ziweto, mayi Dochia. Ilarie mwiniwake akanalola kufa kusiyana n'kuvomera kuti kavalo wake akudwala.

Mayiwo sanachulutse zonena. Anamuyendetsa kavaloyo mozungulira pamalo amodzi, ziboda n'kumapondana. Anamukoka mchira chammbali akuyenda, chinyama chonsecho dzandidzandi, kutsala pang'ono kugwa. Anapingasa mwendo wakumbuyo pa unzake, iye n'kungousiya pomwepo. Kenako anayamba kumubaya ndi kamtengo kosongoka kuyambira m'khosi. Khungu linkanjenjemera mpaka kupitirira paphewa, koma kuchoka apo zii.

"Bambo Ilarie, fupa la pamsana lapana mtsempha waukulu. Kumbuyoku sakumva, sakudziwa n'komwe pamene miyendo yake ili. Kunkhalango asapitenso, mungafere limodzi."

"Nanga kufatsa kuja, adokotala?"

"Sikufatsa ayi. Chikwapu chanu sakuchimva basi."

Ndisaname, chisoni changa chonse chinali pa kavaloyo. Chisanu chathunthu akukwapulidwa kuti akwere phiri ndi miyendo imene sakuimva, mwiniwake ali kalikiliki kumutama kumowa! Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe.

Galimoto ya ogula nyama itabwera kudzamutenga Corbu kuti akamuphe, Ilarie anamukweza yekha, akuchirikiza matako ndi phewa lake kuti asaterereke. Itapita anakhala pansi m'matope momwemo, ine ndili chiimire pachipata.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "ine ndinkati wapezeka mmodzi wondikhululukira."