Za sukulu ya Zainabu, mutu waima

Salaam aleikum nonse.

Paja Zainabu wanga sanasankhidwe ku sukulu ya udokotala. Lero ndinapita naye kuchipatala kukafunsa nzeru kwa adokotala aja amandiyeza BP.

Iwo akuti ayambe dipuloma ya kilinikala ofisala, udokotala adzawonjezera akugwira ntchito. Koma aphunzitsi ake dzulo anati abwereze Fomu 4, mapointi atsike.

Ndinawafunsa adokotalawo kuti, "Nanga inu munadzera njira iti?" Anaseka. "Mayi, ine si dokotala ayi. Ndinadzera yomweyi, mpaka lero ndikudikirabe kukawonjezera." Munthu wa imvi mbuu! Zaka zonsezi tikungowatchula adokotala.

Achimwene, inu munapita patali ndi sukulu, titani? Atenge dipulomayo, kapena abwereze, ndikamulande mng'ono wake yunifomu ya sukulu ndinamupatsa kale ija?