Kugawa Ana a Mlongo Wanga

Linali Loweluka loyamba la Ogasiti, cha m'ma teni koloko m'mawa, pamene amalume anatiitanila kuseli kwa nyumba ya malemu mlongo wanga ku Kaumbwe. Tinali titamuika m'manda Lachisanu. Mwamuna wake anali atatsogola kale. Anasiya ana anayi.

Ine ndi mkazi wanga tili ndi awili okha. Tinagwilizana choncho titangokwatilana, kuti onse adzamalize sukulu ndi malipilo anga a m'sitolo ya zipangizo ku Nyimba. Kumudzi sanatimvetse. "Awili ngati maso," ankatelo amai aang'ono, mng'ono wa amai anga. "Limodzi likaphulika, uona ndi chiyani?" Mlongo wanga ankangoseka, nkunena kuti iye akubeleka ndi anga omwe.

Tinayamba kugawa katundu: mapoto, zitenje, makasu, njinga yopanda tcheni. Kenako tinafika pa ana. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo malume wawo ndine.

Wamkulu, mtsikana wa giledi naini, anakhala chapatali atabeleka wotsiliza, mwana wa zaka ziwili. Chidwalile amake, mwanayo sankalola munthu wina kumunyamula.

"Mtsikanayo ndimutenga ine," anayamba amai aang'ono. "Miyendo yanga inatha, ndipo mjigo uli kutali."

Msuweni wanga wa ku Msanzala anati atenga anyamata awili apakati, poti ng'ombe zake zinalibe m'busa. Wamng'onoyo palibe anamutchula. Pogawa ana, amene angagwile ntchito amapita msanga.

"Nanga sukulu ya mtsikanayu?" ndinafunsa.

"Za sukulu mumazidziwa ndinu a ana awili," anayankha amalume. "Nyumba yako ilibe anthu, mphwanga. Tenga onse awili, wamkulu ndi wakumsanayo."

Ena anaseka pang'ono. Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana pansi. Amagulitsa tomato pamsika kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndiwo za panyumba zimachokela pamenepo. Tikanatenga onse awili, wolela mwanayo akanakhala mtsikana yemweyo, sukulu nkuthela pomwepo. Wa sukulu mmodzi tikanamukwanitsa, movutikila.

"Nditenga wamkulu yekha, akaphunzile," ndinatelo. "Wamng'ono akhale kwa amai aang'ono. Sopo ndi ufa ndizitumiza."

"Wandilanda manja, wandisiyila kamwa," anatelo amai aang'ono. Koma sanakane. Analela ana asanu ndi atatu, ndipo sanaonepo mwana ngati chinthu chokana.

Madzulo ndinamupeza mtsikanayo akumusambitsa mng'ono wake m'beseni.

"Amalume, uyu sadya ngati sindinamudyetse ine."

"Adzazolowela."

"Amai anati ndisamusiye."

"Anatinso umalize sukulu. Anandiuza ndekha kuchipatala ku Petauke."

Anamupukuta mwanayo m'makutu ndi nsonga ya chitenje. Kenako anafunsa ngati pa holide adzabwela kudzamuona. Ndinati inde. Anafunsanso ngati mwana wa msinkhu umenewo amaiwala munthu. Ndinanyamula beseni nkukataya madzi.

Amai aang'ono anatilangiza kuti tinyamuke mwanayo asanadzuke, chifukwa akationa tikupita alila mpaka kudwala. Anati ndi mmene ankachitila kale poletsa mwana kuyamwa.

M'mawa mwake ndinabweleka njinga ya amalume, nkumangilila kachikwama ka mtsikanayo kutsogolo. Mkazi wanga anali atatsogola wapansi. Mtsikanayo anatuluka m'nyumba mopanda phokoso, nsapato zili m'manja, nkukwela kumbuyo. Titafika pa dimba la kumapeto kwa mudzi, tinamva mwana akulila. Mwina anali wa nyumba ina. Anandigwila malaya mwamphamvu, koma sananene kuti tiime. Ndinapalasa mpaka kumsewu kumene timadikilila minibasi.